Mlomo Umene Telala Anausiya ku Balaka

Ana a masiku ano mumandinyansa pa chinthu chimodzi. Mukakhala mu vidiyo sho kuonera resiling'i, anthu asanagwirane n'komwe, wina watulutsa kale foni: "Uyu lero aluza, wakangana ndi mabwana ake." Winanso uko: "Awiriwa sadana ayi, kunja amamwera limodzi." Nanga pakhomo paja mwalipiriranji? Muli ngati munthu wofukula mbatata tsiku ndi tsiku kuti aone ngati ikukula.

Tsono khalani phee ndikuuzeni za munthu amene anayambitsa khalidwe limeneli kwathu ku Luchenza, ndi mwambi umene unabadwira pa iye. Aphunzitsi anu adzati mwambiwo ngwakale kuposa njanji. Asiyeni anene. Iwo anauwerenga m'buku, ine ndinaliko.

Masiku amenewo ndinkanyamula matumba pa siteshoni ya sitima. Kanema kunalibe. Masewera ogwetsana tinkawaona ndi maso athuwa, pabwalo la mpira kuseri kwa msika, Loweruka masana. Mwini gulu anali a Sikweya, bambo wamfupi wadazi amene anakaziphunzira kumigodi ya ku Zambia. Anali ndi lole imodzi, matabwa, zingwe, ndi amuna asanu ndi mmodzi. Koma ife tinkapitira awiri okha.

Woyamba anali Mphezi, mnyamata wowongoka, wa kabudula wofiira, womwetulira ngati alibe ngakhale dzino limodzi lobooka. Uyu ndiye anali wathu. Wachiwiri anali Chiphwanya. Ameneyu ankavala zakuda kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, kumutu chigoba cha nsalu chokhala ndi mano oyera osokerera, chomangira kumbuyo ndi chingwe. A Sikweya ankati anamutola kunkhalango za ku Kongo ndipo sadziwa chinenero cha anthu, amangobangula. Ankaluma, ankakola maso ndi zala, ankamenya ngakhale woyimbira masewera. Akangotulukira, amayi ankamugenda ndi zitsononkho. Ine ndinamuponyerapo nsapato, n'kubwerera kunyumba ndi imodzi.

Chidani chimenecho chinali chokoma, ana inu. Sabata yonse kapitawo wakukalipira, msana wawawa, kunyumba ndiwo palibe. Koma Loweruka unali naye munthu wako womutukwana mpaka mawu kusasa, n'kubwerera mtima uli myaa. Kuyambira nthawi imeneyo sindinapezenso malo otulira mkwiyo wanga.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti Chiphwanya tinkamuona tsiku lililonse. Anali Fanuweli Namakhwa wa pachigayo, chimunthu chachikulu chosayankhulayankhula, chokhalira mbuu ndi ufa, chonyamulira agogo matumba mpaka kumsewu. Loweruka ankati amapita kumunda ku Thuchila, ndipo ndani akanafunsa za Fanuweli? Odziwa chinsinsi anali a Sikweya, anzake ogwetsana nawo, ndi mkulu wake Eliyoti, telala wa pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi siteshoni. Eliyoti ndiye anasoka chigoba chija, ndiyenso ankachimanga kumbuyo masewera asanayambe, chifukwa mfundo yake inali yoti ngakhale ukoke bwanji siimasuka.

Ife tinkadziwa kuti zovala za gululi amasoka ndi Eliyoti, choncho sitima ikachedwa tinkaunjikana pakhonde pake kumupalapasa.

"A Namakhwa, inu mumamuyeza thupi Chiphwanya. Pansi pa chigoba pali nkhope ya munthu?"

Iye mapini ali kukamwa: "Ine ndimayeza nsalu."

"Akuti amadya nyama yaiwisi."

"Akutero ndani?"

"Anthu."

"Kafunseni anthuwo. Iwe, choka pa diresi la mwini, matako akowo ali ndi mafuta a sitima."

Tikatero tinkangodzipangira tokha. Wina amati Mphezi ali ndi mkazi mzungu ku Limbe. Wina amati Chiphwanya amagona m'khola lokiya. Zonsezo zinali zabodza, koma bodza la munthu wosadziwa silipha kanthu. Limangowonjezera mchere.

Zaka zitatu Eliyoti anasunga pakamwa pake. Koma chinthucho chinkamuotcha. Pabwalo anthu akakwiya sankatukwana Chiphwanya yekha, ankatukwananso amene anamubereka, ndipo amenewo anali amayi ake a Eliyoti omwewo. Tsiku lina akusoka pong'ambika pa chigoba, anamuuza mng'ono wake:

"Iwe Fanuweli, ukhala galu wa anthu mpaka liti? Uwauze a Sikweya akupatse kabudula wofiira nawenso."

"Achimwene, akanditukwana ndiye kuti ntchito ndagwira."

"Ntchito yogendedwa?"

"Pachigayo ndani amandiyang'ana? Amayang'ana ufa wawo. Koma ndikavala ichi, bwalo lonse limaimirira. Anthu mazana, achimwene, chifukwa cha ine. Ndilibe china. Musandilande."

Chaka chimenecho anthu atakolola, a Sikweya anakonza ulendo wa milungu itatu: Balaka, Ntcheu, Dedza, kenako kubwerera kudzatsekera kwathu. Anatenganso Eliyoti kuti azisoka zong'ambika. Fanuweli anatsazika pachigayo kuti akupita kukadwazika malume.

Pa ulendowu m'pamene Eliyoti anaona ndi maso mmene ntchitoyi inkayendera. Lamulo la a Sikweya linali lakuti adani asaonedwe pamodzi. Ikatsala mitunda iwiri kuti afike pamalo, lole inkaima patchire. Pamenepo Mphezi ndi Fanuweli ankadyera mbale imodzi, kuseka, kenako n'kuyeserera magwiridwe pa udzu: iwe ukandinyamula apa, ine ndigwera uku, usaiwale bondo langa lija. Akatha, Mphezi ankakwera pamwamba pa lole kukalowa m'tauni akubayibitsa anthu, atsikana akumuponyera malalanje. Fanuweli ankatsala. Ankalowa wapansi, kamtolo kali pamutu, ngati munthu wofuna ganyu, n'kukagona kwayekha. Eliyoti ali pa lole ankacheuka kuona mng'ono wake akuchepera m'fumbi, mtima n'kumamuwawa.

A Sikweya anali atakonza nkhani yaikulu. Ku Balaka Chiphwanya adzathyola mkono wa Mphezi. Ku Ntcheu ndi ku Dedza Mphezi adzangokhala pambali ndi bandeji, akulumbira. Ndiye ku Luchenza adzamenya ndi mkono umodzi, adzagwa kawiri, kachitatu n'kudzuka kumugwetsa mdani wake. Eliyoti anasokerera kathumba ka utoto wofiira m'kati mwa kansalu kamene Mphezi ankamanga pachigongono, koti kakafinyidwa kaziphulika.

Ku Balaka zinayenda kuposa mmene anaganizira. Chiphwanya anapinda mkono uja, Mphezi anakuwa, chofiira chinayenderera mpaka kuzala. Amayi ena analira maliro enieni. Zitsononkho zitatha anthu anatola miyala, ndipo umodzi unamutema Fanuweli pamsana. A Sikweya anavina kuseri kwa lole.

M'mawa mwake Eliyoti analowa mu tiyirumu ina pafupi ndi siteshoni ya Balaka. Munali modzaza, ndipo nkhani inali imodzi.

"Chinthu chija n'chofunika kuchiotcha."

"Mayi wake anagona ndi fisi, si munthu uja."

Pakati pawo panali bambo wina wa tayi, amene anagogoda kapu ndi supuni kuti amumvere. "Inu simudziwa kanthu. Ine ndili ndi mlamu wanga m'gulu lomwelo. Uja ndi mkaidi wothawa, anapha anthu atatu. Chigoba chija n'chobisira apolisi."

"Bodza," anatero Eliyoti.

Onse anacheuka. Wa tayi anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tepi yoyezera imene inali m'khosi.

"Pepani madala, tikukamba za amuna. Za madiresi tikuitanani."

Tiyirumu yonse inaseka. Apa m'pamene zaka zitatu zinaphulikira.

"Mlamu wanu ndani? Tchulani dzina! Chigoba chimene mukunenacho ndinasoka ndine. Amene mukumuti mkaidi ndi mng'ono wanga, bere limodzi, Fanuweli, wa pachigayo ku Luchenza. Nkhuku imene sapha, amaitana ine. Ndipo mayi amene mukuwatukwanawo ndi amayi anga, amvano."

Kenako wina anati: "Nanga mkono wa Mphezi?"

Akanalekera pomwepo mwina zikanachepa. Koma anthu anali atasendeza mipando. Wina anaitanitsa tiyi wamkaka, wina sikono. Eliyoti, munthu amene moyo wake wonse anthu ankamupatsa msana kuti awayeze, anaona nkhope makumi awiri zikumuyang'ana pakamwa. Ananena za utoto. Ananena za mbale imodzi patchire. Ananena ndi za ku Luchenza zomwe, kugwa kawiri, kudzuka kachitatu. Potuluka anadziuza kuti: kuno n'kutali, masana ano tikunyamuka, anthu awa sindidzawaonanso. Ndipo zoona sanawaonenso.

Koma Balaka ndi pamphambano ya njanji. Mu tiyirumu muja munali wogwira ntchito m'sitima. Iye anauza Dikisoni, wogulitsa nthochi wa kwathu, amene ankabwerera ndi madengu opanda kanthu. Dikisoni anatsika pa Luchenza asanatsitse n'komwe madengu, akukuwa: "Anyamata, bwerani mumve!" Ine ndinali woyamba kumva. Sindikana, ndinainyamula nkhaniyo mpaka kumsika. Ntchito yanga inali yomweyo: chotsika m'sitima ndinkanyamula. Pofika madzulo inali itafika kumaesiteti a tiyi. Lole ya a Sikweya inali ikadali ku Ntcheu.

Atabwerako, palibe anawauza. Aliyense ankafuna adzionere yekha Loweruka. Fanuweli anabwerera pachigayo, anthu n'kumamufunsa za malume akumwetulira, iye osazindikira.

Loweruka lija bwalo linadzaza kuposa kale lonse. Ena anakwera m'mitengo. A Sikweya ankangosisita dazi ndi chimwemwe. Belu linalira, Chiphwanya anatulukira kuseri kwa lole, nabangula.

Palibe chitsononkho chinauluka. Palibe anatukwana. Anthu ankangomuyang'ana, akugwirana m'nthiti.

Anabangulanso, nagwedeza zingwe. Ndiye mayi wina wa kumsika anakuwa:

"Fanuweli! Mgaiwa wanga uja wagaya?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Ana anayamba kuimba: "Achimwene a pachigayo! Achimwene a pachigayo!" Iye anathamangira woyimbira, namunyamula m'mwamba ngati mmene ankachitira. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, monga amaombera mwana akalakatula bwino kusukulu. Gogo wina pafupi ndi ine anati: "Mwana wabwino uyu. Amandinyamulira thumba. Asamupweteke."

Mphezi analowa ndi bandeji yake, nkhope ili yachisoni. "Utoto!" anthu anakuwa. "Utoto wa a Namakhwa! Tagwedezani mkonowo, bwana, tikudziwa ndi wamoyo!"

Anayesetsa, awiri aja. Ndimawapatsa ulemu pa chimenecho. Anagwirana, Mphezi anagwa. Bwalo lonse: "Kamodzi!" Anagwirananso, nagwanso. "Kawiri! Dzuka tsopano, nthawi yako yakwana!" Ine amene ndinakuwa nawo. Ndinkaona ngati ndachenjera.

Mphezi anagona pa matabwa osadziwa chochita, chifukwa kudzuka kunali kumvera ife, kusadzuka kunali kuononga nkhani. Chiphwanya anaima pakati, manja ali lende. Kenako anapisa kumbuyo kwa mutu kuti amasule chigoba. Anakoka, anakokanso, mfundo osamasuka. Ndiye anayenda mpaka pazingwe, pamene Eliyoti anakhala ndi kabokosi kake ka singano, ndipo chilombo cha ku Kongo chinayankhula Chichewa, ndi mawu otsika amene tonse tinkawadziwa:

"Achimwene, bwerani mumasule. Munamanga ndinu."

Phwete lonse linatha. Eliyoti anakwera pa matabwa. Fanuweli anagwada kuti mkulu wake afikire. Zala za telala, zimene zinkalowetsa ulusi pa singano osayang'ana, zinalimbana ndi mfundo ija nthawi yaitali, ife tonse tikuonerera. Chigoba chitachoka tinaona nkhope ya Fanuweli, yonyowa, ndipo sikuti linali thukuta lokha. Sanayang'ane munthu. Anatsika, nadutsa pakati pathu, ife n'kumapatuka. Palibe anaomba m'manja. Tinabalalika ngati tikuchokera kumanda.

Ine ndinatsalira kuthandiza kukweza matabwa, ndiye zimene zinanenedwa kuseri kwa lole ndinazimva. A Sikweya sanakalipe. Anangoti: "A Namakhwa, mwandisokera bwino zaka zitatu. Lero mwasoka nsalu ya maliro." Basi, n'kukakhala kutsogolo kwa lole.

Eliyoti anapita pamene Fanuweli ankavula nsapato.

"Fanuweli, ndimvere. Ankatukwana amayi. Ankati ndiwe wakupha. Ndinkakuikira kumbuyo."

"Ndinakupemphani?"

"Ndinanenera kutali, mng'ono wanga. Ku Balaka! Ndani akanadziwa kuti zifika kuno?"

Fanuweli anakutumula fumbi m'nsapato, osafulumira.

"Ku Balaka inenso ndinaliko, achimwene. Ndinasiyako mapazi m'fumbi, mitunda iwiri yathunthu. Mwaona phazi limodzi litanditsata? Inu munasiyako mlomo. Taonani, watipeza pakhomo."

Sabata yotsatira a Sikweya anapakira zonse n'kubwerera ku Zambia, Mphezi anapita nawo. A Sikweya sanamutenge Fanuweli, pakuti chilombo chodziwika dzina ndi mudzi sichiopsa munthu, ndipo nkhani inali itayenda njanji yonse. Anabwerera pachigayo. Anthu anamukonda kwambiri, ndipo chimenecho ndicho chinamumaliza. Amayi ankamubweretsera chinangwa chophika. Anyamata ankamuzungulira: "Tabangulani pang'ono, achimwene, kamodzi kokha." Iye ankangothira chimanga m'chigayo, maso ali pansi. Anapirira mwezi umodzi. Tsiku lina m'mawa anabwera pa siteshoni ndi kamtolo, nakwera sitima yopita kumunsi, cha ku Nsanje. Ndinamufunsa kuti abwerako liti. Anati, "Kumene sandidziwa ndikakhalako," n'kulowa.

Ena anati anawolokera ku Mozambiki. Ena anati anamuona padoko ku Beira akusenza katundu. Nthawi imeneyi Eliyoti sanatsutse aliyense, chifukwa nayenso sankadziwa. Ankangofunsa: "Anali wonenepa? Anavala chiyani? Anafunsa za kumudzi?" Munthu amene kale tinkamupempha nkhani, tsopano ndiye ankapempha kwa ife, ngakhale zabodza.

Anasuntha makina ake kuwaika kumapeto kwa khonde, pamene ankaona bwino potsikira anthu. Sitima ya kumunsi ikangolira, phazi lake linkaleka kuponda. Ankaimirira, dzanja lili pamphumi, mpaka womaliza atatsika. Ine ndikamadutsa ndi thumba ankandiitana:

"Watsika ndani lero?"

"Amayi a nsomba, a Namakhwa. Ndi abusa aja."

"Chabwino. Mwina Lachisanu."

Amayi awo atamwalira, Eliyoti anatumiza uthenga pa wailesi, Fanuweli sanabwere. Tsitsi la Eliyoti linachita mbuu. Sitima zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako zinasiya, udzu n'kumera panjanji. Makina sanawabwezere pakale. Ndipo Loweruka masana bwalo lija linkangokhala la mbuzi. Ine mpaka lero ndikadutsapo ndimamva fungo la matabwa otentha ndi dzuwa, pakhosi n'kumandiyabwa kufuna kukuwa, koma womukuwira palibe. Ndinamukwiyira Eliyoti zaka zambiri. Ndikanena zoona, mkwiyowo sunathe, kungoti theka lake ndi langa.

Pa zaka zonsezo, munthu akabwera kudzasoketsa malaya a paulendo, wopita kukafuna ntchito, wopita kusukulu, mtsikana wopita ku ukwati, Eliyoti pomupatsa chovala ankagwira kaye dzanja lake, n'kumuuza mawu a mng'ono wake aja atawafupikitsa. Ena ankaseka kuti madala ayamba kuzungulira mutu. Koma ankawatenga mawuwo n'kupita nawo, ndipo anayenda njira yomwe ija imene inayenda nkhani ya ku Balaka, mpaka dziko lonse linawadziwa:

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tanthauzo lake silofuna sukulu. Phazi ndi chizindikiro choti unadutsa: unafika, unagwira chimene unapitira, unachoka. Limakhala pomwe waliponda, mphepo ikaomba latha, silikudziwa kwanu. Mlomo ndi zimene unayankhula kumeneko, za anthu ena, za m'nyumba mwanu, za kuntchito kwako. Zimenezo sizikhala pansi. Zimakwera basi zosalipira, ndipo nthawi zambiri zimayamba ndi izo kufika, iwe n'kupeza zakhala kale pakhonde pako. Usamati kuno n'kutali, sandidziwa. Kutali kulibe. Usamatinso ndikunena zoona, kapena ndikumuikira kumbuyo. Eliyoti sananame liwu ndi limodzi lomwe, ndipo mng'ono wake ankamukonda. Chinsinsi chimene wapatsidwa kuti usunge si chako, ngakhale chikuotche bwanji, ndipo mwini wake yekha ndiye amadziwa chimene chikumugwirizira.

Eliyoti tinamuika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Pa maliro, malo a mng'ono wa malemu anakhala opanda munthu. Oyendetsa mwambo anaitana dzina la Fanuweli katatu monga mwa dongosolo, tinadikira pang'ono, kenako tinanyamula bokosi.